KACITSULO KAMPHANDA KAMENE KAPIMA MAPAZI: CIFUKWA CAKE DOTOLO AYAMBA WAFUNSA ZAKA ZANU

Wolemba Mtolankhani Wathu

KODI munapitako ku cipatala ndi dandaulo la miyendo, ndipo dotolo, m'malo mokulemberani mankhwala msanga, anakuuzani kuti muvule nsapato, natulutsa m'thumba kacitsulo ka nthambi ziwiri konga mphanda ya legeni? Amakamenya pa cikhatho, nakakhazika pa cala cacikulu ca kuphazi, ndi kufunsa kuti: "Kodi mukumva kanthu? Mundiuze kakaleka." Odwala ambiri amabwerera kumudzi ali odabwa, ndipo ena amadandaula kuti anayenda mtunda wautali kukangoseweretsedwa ndi kacitsulo.

Awerengi athu, amenewa si masewera iai. Kupima kumeneku ndi imodzi mwa njira zakale ndi zodalirika zodziwira ngati mitsempha yonyamula uthenga m'thupi ikugwira bwino nchito yake. Sikufuna magetsi, sikupweteka, ndipo kutha m'mphindi zowerengeka. Koma yankho limene wodwala apereka silitanthauza cinthu cimodzi kwa anthu onse. Yankho limene liri labwino kwa nkhalamba ya zaka 80 lingakhale cizindikiro ca matenda kwa mnyamata wa zaka 25. Pakati pa amuna ndi akazi paliponso kusiyana pang'ono. Nkhani ino ifotokoza cifukwa cake, ndiponso cimene banja liri lonse liyenera kudziwa kuti okalamba athu asataye mapazi ao.

MMENE THUPI LIMVERA KUNJENJEMERA

Munthu ali yense amene anaimako pafupi ndi cigayo cikupera adziwa kuti nthaka imanjenjemera pansi pa mapazi. Cimodzimodzi pamene galimoto lalikulu la katundu lidutsa pa mseu wa Great East, kapena pamene amai awiri asinja mu mtondo umodzi: ngakhale mutatseka makutu, mapazi adzakuuzani. Kumva kotereku ndi kosiyana ndi kumva kuwawa, kutentha kapena kuzizira, ndipo kuli ndi njira yakeyake m'thupi.

Pansi pa khungu, makamaka m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, muli timibulu ting'onoting'ono tokutidwa ndi makoko ambiri monga anyezi. Anatifotokoza bwino ndi Filippo Pacini wa ku Italy m'zaka za m'ma 1830, pamene anali wophunzira za udotolo, ndipo kufikira lero timadziwika ndi dzina lake. Nchito ya timibulu timeneti ndiyo kumva kunjenjemera. Tikamva, timapereka uthenga ku mitsempha. Pano sitinena mitsempha ya magazi iai, koma ija yoyera yonga ulusi imene inyamula uthenga. Uthengawo ukwera ndi mwendo, ulowa mu mtsempha waukulu wa mkati mwa fupa la msana, nukwera ca kumbuyo kwake kufikira ku ubongo. Ubongo ndiwo unena kuti, "Cala canga cikunjenjemera."

Njira yomweyi inyamulanso uthenga wina wofunika kwambiri, wouza munthu pamene phazi lake laponda ngakhale asakuliona. Ndiwo umene utithandiza kuyenda mumdima osagwa. Tsono dotolo akapima kunjenjemera, ali kupima mseu wonse kucokera ku cala kufikira ku mutu. Ngati mlatho wina wagumuka panjira, uthenga sufika.

MBIRI YA KACITSULOKA

Kacitsulo kamphanda sikanapangidwire cipatala poyamba. Anakapanga ndi John Shore, woimba lipenga wa ku England, m'caka ca 1711, kuti kazithandiza oimba kukonza mau a zoimbira zao. Patapita zaka zambiri madotolo anaona kuti kangathandize kupima makutu, ndipo pambuyo pake mitsempha. Kamene kagwiritsidwa nchito kawirikawiri popima mapazi kamanjenjemera nthawi 128 pa sekondi imodzi.

M'caka ca 1903 madotolo awiri ku Germany, a Rydel ndi a Seiffer, anaonetsa mtundu wina wa kacitsuloka umene uli ndi manambala kuyambira pa 0 kulekeza pa 8. Pamene kunjenjemera kuli kuzirala, cizindikiro ca pa kacitsulo cimakwera kucoka ku 0 kulinga ku 8. Wodwala akanena kuti "kaleka", dotolo amawerenga nambala imene cizindikiro cafika. Nambala yaikulu itanthauza kuti munthuyo wamva kufikira kunjenjemera kutacepa kwambiri, ndiye kuti mitsempha yake iri bwino. Nambala yaing'ono itanthauza kuti waleka kumva msanga.

Kapimidwe kake nkotere. Coyamba dotolo akhazika kacitsulo pa fupa la pacifuwa kapena pamphumi, kuti wodwala adziwe cimene ayenera kuyembekeza: osati kuzizira kwa citsulo, osati kulemera kwake, koma kuja kuti nje-nje-nje konga njuci m'cibade. Kenaka wodwala atsinzina. Kacitsulo kakhazikidwa pa fupa la cala cacikulu ca kuphazi. Ngati sakumva, dotolo akwera pa kakolo, kenaka pa bondo, kenaka pa fupa la m'ciuno, kufikira atapeza pamene kumva kuyambira. Apima mbali zonse ziwiri ndi kulinganiza. Nthawi zina agwira kacitsulo kuti kaleke mwakacetecete, pofuna kuona ngati wodwala ali kuyankha zoona kapena angovomera mwaulemu.

ZAKA ZIMACEPETSA KUMVA

Monga maso acita khungu pang'onopang'ono ndi makutu ayamba kugontha, kumva kunjenjemera nakonso kumazirala ndi ukalamba. Madotolo anazindikira ici kale. M'caka ca 1928 a Gerald Pearson a ku America analemba za mmene zaka zisinthira kumva kumeneku, ndipo ofufuza a pambuyo pao apeza zofanana m'maiko osiyanasiyana.

Zifukwa zake nzodziwika. Timibulu ta a Pacini timacepa m'ciwerengero munthu akamakalamba, ndipo totsalato timasintha maonekedwe. Ulusi wina wa m'mitsempha umafa osaphukanso. Cikuto ca mafuta cimene cikuta ulusiwo, monga mphira ikuta waya wa magetsi, cimaperepeseka, kotero kuti uthenga uyenda mocedwa.

Kuzirala kumeneku kumayambira ku mapazi, ndipo manja amatsatira mocedwa ndi mocepa. Cifukwa cake ndi kutalika kwa njira. Ulusi wocokera ku cala ca kuphazi kufika ku msana ungatalike mita imodzi mwa munthu wamkulu, ndipo ndiwo wautali koposa wonse m'thupi. Mlimi wa kudimba adziwa kuti madzi akacepa mu mfuleni, bedi la kumapeto ndilo liyamba kuuma. Momwemonso mtsempha wautali ndiwo uyamba kufooka, ndipo ufookera ku nsonga.

Pofuna kuti madotolo asamalinganize gogo ndi mdzukulu wake pa muyeso umodzi, ofufuza a ku Netherlands anapima anthu abwinobwino 198 ndi kacitsulo ka manambala kaja, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1998. Malire amene anaika a ku miyendo ndi awa: munthu wa zaka 40 kapena kucepera ayenera kufika pa 4 ndi theka kapena kupitirira, wa zaka 41 kufika 60, pa 4, wa zaka 61 kufika 85, pa 3 ndi theka, ndipo wopitirira zaka 85, pa 3. Ku manja malire ndi okwera, ndipo atsika pang'ono cabe: 6 ndi theka kwa osapitirira zaka 40, 6 kwa a zaka 41 kufika 85, ndi 5 ndi theka kwa opitirira pamenepo.

Tiyerekeze tsono kuti anthu awiri apimidwa tsiku limodzi, ndipo onse aleka kumva pa nambala 3 ndi theka. Woyamba ndi gogo wa zaka 75, waciwiri ndi mdzukulu wake wa zaka 30. Nambala ndi imodzi, koma gogo ali m'malire a anzake a zaka zimenezo, pamene mdzukuluyo afunika kupimidwa magazi kuti cidziwike cimene cikudya mitsempha yake. Ici ndico cifukwa cake dotolo afunsa zaka asanatulutse kacitsulo. Amene sadziwa bwino caka cimene anabadwa acita bwino kunyamula citupa cao, kapena kuchula cocitika cacikulu ca nthawi ya ubwana wao, monga ufulu wa dziko lathu mu 1964, kuti dotolo athe kuyerekeza.

Zaka za dotolo mwini nazonso ziri ndi mbali. Pamene kacitsulo kalibe manambala, opima ambiri amalinganiza kumva kwa wodwala ndi kwa iwo eni: wodwala akati kaleka, iwo amaona ngati cala cao cikali kumva. Dotolo wacinyamata wopima nkhalamba ayenera kukumbukira kuti thupi lake ndi lanthete, kuti angapeze matenda pamene palibe.

AMUNA NDI AKAZI

Nanga pakati pa amuna ndi akazi? Pa ubwana ndi pa unyamata kusiyana nkocepa kwambiri, ndiponso ku manja sikuoneka kwenikweni. Koma kufufuza kwambiri, makamaka kocitidwa ndi makina a magetsi amene apima mosamalitsa koposa kacitsulo, kwaonetsa kuti pakati pa anthu acikulire amuna ndiwo amamva mocepa ku mapazi koposa akazi a zaka zofanana nao, ndipo kumva kwao kumatsika mofulumirapo.

Mbali yaikulu ya kusiyana kumeneku icokera ku kutalika kwa thupi. Amuna ambiri ndi atali koposa akazi, ndipo monga taona, njira ikatalika nsonga yake ifooka msanga. Ofufuza akalinganiza mwamuna ndi mkazi otalika mofanana, kusiyanako kumacepa ndithu. Kotero mai wamtali angafanane ndi amuna pa nkhani iyi, ndipo bambo wamfupi angamve bwino koposa anzake. Palinso zina za makhalidwe. Mowa wambiri umaononga mitsempha, ndipo m'madera ambiri amuna ndiwo amamwa koposa.

Phunziro lake liri mbali ziwiri. Bambo wamtali wa zaka 70 amene amva mocepa pa zala zokha za kumapazi, mbali zonse ziwiri mofanana, popanda vuto lina, angakhale alibe matenda. Koma mai wamfupi wa zaka 45 amene samva konse pa cala, ameneyo sitinganene kuti ndi zaka kapena kutalika. Komabe tiyenera kukumbukira kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi nkwakung'ono poyerekeza ndi kwa zaka, ndipo sikupatsa mwamuna ali yense cifukwa conyalanyazira dzanzi la m'mapazi.

ZINA ZIMENE ZISOKONEZA KAPIMIDWE

Phazi lozizira limamva mocepa, motero amene wayenda m'mame m'mwezi wa June ayenera kuyamba wafunditsa mapazi asanapimidwe. Phazi lotupa limabisa fupa, ndipo kunjenjemera sikulowa bwino. Khungu lokhuthala la munthu amene wayenda wopanda nsapato moyo wake wonse nalonso lingasokoneze, ndico cifukwa cake kacitsulo kakhazikidwa pa fupa, pamwamba pa cala, osati kunsi kwa phazi.

Cinanso ndi ulemu wathu. Acikulire ambiri safuna kukhumudwitsa dotolo, ndipo amangoti "inde, ndikumva" pamene akumva kuzizira kwa citsulo cabe. Ena amaopa kuti akanena kuti sakumva adzagonekedwa m'cipatala nthawi ya kulima. Pamenepa wodzinamiza ndi mwini phazi. Palibe kupambana kapena kulephera pa kupima kumeneku. Cofunika ndi kunena cimene mwamva, ndipo ngati simunamvetse funso, pemphani kuti alibwereze m'cinenero canu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndiponso cala cimodzi siciswa nsabwe. Dotolo sagamula ndi kacitsulo kokha. Amagogoda mtsempha wa kumbuyo kwa kakolo ndi kanyundo ka mphira, amakhudza kunsi kwa phazi ndi kaulusi kolimba kamene kapindika pa kulemera kwa magalamu 10, amagwedeza cala m'mwamba ndi pansi wodwala atatsinzina, ndipo amamuimiritsa mapazi pamodzi, maso otseka, kuona ngati adzandira. Zonsezi pamodzi ndizo zipereka yankho.

PAMENE SI UKALAMBA

Ngozi yaikulu iri pa mau amene timamva kawirikawiri m'midzi yathu akuti, "Musadandaule, ndi ukalamba cabe." Zoona, ukalamba umacepetsa kumva, koma umatero pang'onopang'ono, pa zaka zambiri, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo kawirikawiri ku zala za kumapazi. Ukalamba wokha subweretsa zilonda zosapola, suocha mapazi ngati moto usiku, ndipo sukwera kufika m'maondo pa miyezi yowerengeka. Zikatero pali matenda, ndipo ambiri a matendawo ali ndi cithandizo.

Oyamba ndi matenda a shuga. Pafupifupi theka la odwala shuga amaonongeka mitsempha m'kupita kwa zaka, ndipo ambiri sadziwa. Ena amayamba ndi dzanzi asanadziwe nkomwe kuti ali ndi shuga. Kwa wodwala shuga, kulephera kumva kacitsulo ndi cenjezo lakuti phazi liri pa ngozi. Phazi losamva limalasidwa ndi munga kapena citsa kumunda mwini osadziwa, cilonda cimalowa mkati, ndipo mapeto ake nthawi zina ndi kudula cala kapena mwendo. Mlimi akataya mwendo, banja lonse lamva njala.

Waciwiri ndi mowa, makamaka kacasu womwedwa tsiku ndi tsiku popanda cakudya cokwanira. Cacitatu ndi kucepa kwa vitamini B12, amene apezeka mu nyama, nsomba, kapenta, mazira ndi mkaka. Mimba ya okalamba ena imalephera kumutenga m'cakudya, ndipo mankhwala a shuga ochedwa metformin nao angamucepetse akamwedwa zaka zambiri. Kusowa kwa vitamini ameneyu kumaononga njira yomwe ija ya kumbuyo kwa msana, koma kukadziwika msanga jekeseni amathandiza.

Kacirombo ka HIV nako kamaononga mitsempha ya kumapazi. Mankhwala ena akale a ma ARV ochedwa stavudine anali kubweretsa vuto lomweli, ndipo m'caka ca 2009 bungwe la World Health Organization linalangiza maiko kuti awasiye pang'onopang'ono. Mankhwala a cifuwa ca TB ochedwa isoniazid nao angabweretse dzanzi, ndico cifukwa cake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Amene ali pa mankhwala otere asawaleke okha iai, koma akanene ku cipatala. Cindoko cosaciritsidwa cingafike ku msana patapita zaka zambiri. Matenda a impso ndi kupanikizika kwa mtsempha wa mu msana ndi zifukwa zinanso.

Za khate tinene mosamala. Khate limayamba ndi kulanda kumva kutentha, kuwawa ndi kukhudza, makamaka pa mawanga a pakhungu, pamene kumva kunjenjemera kungakhale kukalipo. Cotero munthu wa banga losamva asadzitonthoze kuti anamva kacitsulo. Khate liri ndi kapimidwe kake, ndipo limacira ndi mankhwala.

CIMENE BANJA LINGACITE

Pitani ku cipatala msanga ngati dzanzi layamba mwa munthu wosafika zaka 50. Ngati liri mbali imodzi yokha. Ngati likukwera mofulumira. Ngati lafika ku manja. Ngati miyendo yafooka. Ngati nsapato kapena patapata avuka mwini osadziwa. Ngati munthu amva monga aponda pa thonje. Kapena ngati adzandira ndi kugwa akamapita ku cimbudzi usiku. Wodwala shuga ali yense ayenera kupimidwa mapazi kamodzi pa caka ngakhale asakumva vuto, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti amupime. Yambirani pa cipatala caching'ono ca kwanu, kumene angakutumizeni ku zipatala zazikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Kuyambira m'caka ca 2018 dziko lathu linayamba kuphunzitsa akatswiri ake a matenda a ubongo ndi mitsempha pa University Teaching Hospital mu Lusaka, koma phazi limapulumutsidwa coyamba pakhomo ndi pa cipatala ca pafupi.

Amene wauzidwa kuti mapazi ake samva bwino, kaya cifukwa ca matenda kapena ca zaka, maso ndiwo alowe m'malo mwa kumva. Ayang'ane mapazi madzulo ali onse, pakati pa zala ndi kunsi komwe, ndipo ngati maso kapena msana sizilola, mwana kapena mdzukulu amuyang'anire. Akutumule nsapato asanavale. Asayende wopanda nsapato kumunda kapena pabwalo. Asaike mapazi pafupi ndi moto kapena mbaula nthawi ya cisanu, pakuti angapse osadziwa. Madzi osamba ayambe awayesa ndi cigongono. Asadule khungu lolimba ndi lezala, ndipo asateme mphini pa phazi la dzanzi, pakuti bala lotere limacedwa kupola. Njira yopita ku cimbudzi ikhale yosesedwa, ndipo nyali kapena tochi ndi ndodo zikhale pafupi ndi mphasa.

Tsono tsiku lina dotolo akatulutsa kacitsulo kamphanda, musaone ngati wakupeputsani. Muuzeni zaka zanu zenizeni, mankhwala amene mukumwa, ndi mowa umene mumamwa osabisa. Tsinzinani, mvetserani cala canu, ndipo nenani zoona. Ndipo inu ana ndi adzukulu, gogo akadandaula za dzanzi, musamuyankhe ndi mau akuti "ndi ukalamba". Mperekezeni akapimidwe, kuti wodziwa kuwerenga kacitsulo ndiye anene ngati ndi zaka kapena matenda.